Mbande za tchesi zimakhwimira pa mpikisano

Ife amene timasewera tchesi m'mipikisano tili ndi chinsinsi chimene sitikonda kuulula. Munthu amene timamuopa kwambiri m'holo ya mpikisano ndi kamwana kaja kamene miyendo yake siifika pansi kakakhala pampando. Bambo wa imvi amene wasewera zaka 30 timamudziwa bwino: tikudziwa mmene amayambira, pamene amatopera, ndiponso misampha imene amakonda kutchera. Koma mwana amene munamugonjetsa mosavuta chaka chatha, chaka chino amabwera ali munthu wina. M'miyezi 12 yokha amakhala ataphunzira zimene enafe tinatolera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo akamakupatsani moni ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, mumadziwiratu kuti lero kuli ntchito.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya masewero ikufunanji pa tsamba limene timakambirana za mbewu, madzi aukhondo ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama. Yankho lake ndi lakuti ana aluso oterewa ali m'midzi ndi m'makomboni momwe inu, alangizi, aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu, mumagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa iwo luso lawo limafota asanafike zaka 18, osati chifukwa chosowa nzeru, koma chifukwa chosowa bwalo loyeserapo nzeruzo. Mlimi wa fodya kapena wa tomato amadziwa kuti mbande zikakhalitsa pa nazale, zikumwa madzi m'mawa ndi madzulo, zimaoneka zobiriwira koma zimafa zikangowokeredwa kumunda. N'chifukwa chake amazikhwimitsa kaye pochepetsa madzi kuti zizolowere dzuwa. Kwa mwana wosewera tchesi, mpikisano ndiwo umagwira ntchito yokhwimitsayo.

Zimene mwana sangaphunzire pakhonde

Tchesi imaseweredwa pa thabwa la timabokosi 64, ndipo aliyense mwa osewera awiri amayamba ndi tizidole 16. Malamulo ake mwana wa zaka 7 angathe kuwagwira pa masana amodzi. Kwa anthu a kuno, amene tinakula tikuona akuluakulu akuwerengera njere pa bawo pansi pa mtengo, kuganiza patsogolo usanasunthe dzanja si chinthu chachilendo. Komabe kusewera pakhonde ndi anzako n'kosiyana kwambiri ndi kusewera pa mpikisano.

Choyamba, pa mpikisano pali lamulo lakuti kachidole kamene wakakhudza uyenera kukasuntha, ndipo ukangokasiya palibe kubweza. Pakhonde mnzako amakukhululukira, nati bwezani, simunaone. M'holo palibe wokukhululukira. Mwana amene wataya mfumukazi yake kamodzi chifukwa cha dzanja lofulumira amaphunzira kukhalira manja ake mpaka mutu utamaliza ntchito.

Chachiwiri ndi wotchi. Aliyense amapatsidwa nthawi yake, ndipo ikakuthera wagonja, ngakhale utakhala kuti umatsogola. Pa mpikisano waukulu wa mayiko wotchedwa Olympiad, wosewera amapatsidwa mphindi 90 kuti asunthe maulendo 40, kenaka mphindi zina 30, kuwonjezera masekondi 30 pa ulendo uliwonse. Gemu imodzi imatha kutenga maola anayi kapena asanu. Kugawa nthawi, kudziwa pofunika kudekha ndi pofunika kufulumira, ndi luso limene ngakhale akuluakulu ambiri m'maofesi mwathu alibe.

Chachitatu ndi cholembera. Mizere ya pa thabwa ili ndi maina: zilembo a mpaka h mbali imodzi, manambala 1 mpaka 8 mbali inayo. Wosewera amalemba ulendo uliwonse, wake ndi wa mnzake. Gemu ikatha, awiriwo amakhala pansi ndi kubwereza zonse, wopambana akuonetsa wogonja pamene zinthu zinakhotera. Mwambo umenewu ndiwo sukulu yeniyeni ya tchesi. Mphindi 20 zokambirana ndi munthu amene wakugonjetsa zimaposa sabata yathunthu yosewera ndi anthu amene umawagonjetsa nthawi zonse.

Chachinayi, ndipo chachikulu, ndi kugonja. Pa mpira ungathe kuloza chala goloboyi, woyimbira kapena mphepo. Pa tchesi uli wekha. Ukagonja umagwira chanza mnzako, n'kupita kukamwa madzi, ndipo pakangotha ola limodzi dzina lako limaitanidwanso. Ndaona ana akulira m'mawa, masana n'kubwerera pampando nkhope ili gwa. Mtima umenewo sugulidwa m'sitolo, ndipo mwana amapita nawo ku mayeso, ku ntchito ndi ku banja.

Ana awiri, misewu iwiri

Kuti timvetse kufunika kwa mipikisano, tiyeni tiyerekeze anyamata awiri. Woyamba ndi Amon Simutowe wa ku Zambia, amene anabadwa mu 1982. Iye anakhala katswiri wa dziko lonse la Zambia mu 1996 ali ndi zaka 14 zokha. Mu 2000, pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi umene unachitikira mu mzinda wa Yerevan ku Armenia, anali mmodzi mwa amene anagawana malo achiwiri. Apa panalibenso wokayika kuti mnyamatayu anali pa mlingo umodzi ndi achinyamata apamwamba kwambiri a nthawi yake. Koma ulemu wa Grandmaster, umene ndi waukulu kuposa onse amene bungwe loyendetsa tchesi padziko lapansi la FIDE limapereka, anaulandira mu 2009, ali ndi zaka 27. Anali munthu woyamba kuulandira kuchokera m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Wachiwiri ndi Gukesh Dommaraju wa mu mzinda wa Chennai ku India, amene anabadwa mu 2006. Iye anakhala Grandmaster mu 2019 ali ndi zaka 12, ndipo mu December 2024, ali ndi zaka 18, anagonjetsa Ding Liren wa ku China ku Singapore ndi kukhala katswiri wa dziko lonse lapansi.

Kodi chinachedwetsa Simutowe n'chiyani? Mbali yaikulu ya yankho ili m'malamulo a ulemuwo. Kuti munthu akhale Grandmaster ayenera kufika pa mapointi 2500 pa mndandanda wa FIDE, ndiponso kawirikawiri ayenera kuchita bwino koposa m'mipikisano itatu yamphamvu. Mu uliwonse mwa mipikisanoyo ayenera kukumana ndi osewera ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo atatu mwa iwo akhale ma Grandmaster kale. Tsono ngati m'chigawo chonse mulibe Grandmaster ndi mmodzi yemwe, atatuwo uwapeza kuti? Uyenera kukwera ndege. Simutowe anamaliza mpikisano wake wachitatu mu 2007 ku Arnhem m'dziko la Netherlands, ndipo pambuyo pake anayendabe m'mayiko a eni kusaka mapointi amene anatsala. Gukesh anakulira mu mzinda wa Viswanathan Anand, amene anakhala Grandmaster woyamba wa India mu 1988. Kuchokera nthawi imeneyo dzikolo latulutsa ma Grandmaster oposa 80, ndipo mwana wa ku Chennai amapeza aphunzitsi ndi mipikisano yamphamvu pafupi ndi kwawo. Ngakhale zinali choncho, bambo a Gukesh, amene ndi dokotala, anaimika ntchito yawo kuti aziyenda ndi mwanayo, banja n'kumadalira malipiro a mayi. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi. Ana athu amayamba liwiroli ali kumbuyo, koma miyendo ali nayo.

Umboni wina suli patali. Mu 2002, pa Olympiad ya ku Bled m'dziko la Slovenia, Robert Gwaze wa ku Zimbabwe anasewera magemu 9 pa thabwa loyamba la dziko lake ndipo anapambana onse 9, n'kutenga mendulo ya golide. Kenny Solomon, amene anakulira ku Mitchells Plain mu mzinda wa Cape Town, anachita kusamukira ku Italy kuti azipeza mipikisano, ndipo anakhala Grandmaster woyamba wa South Africa atapambana mpikisano wa Africa ku Windhoek mu December 2014, ali ndi zaka 35. N'chifukwa chake chinali chinthu chamtengo wapatali pamene mpikisano womwewo wa Africa unachitikira ku Lilongwe mu May 2021, kumene Ahmed Adly wa ku Egypt anapambana, ndipo Jesse February wa ku South Africa anatenga chikho cha amayi. Osewera a ku Malawi anakumana ndi akatswiri popanda kugula tikiti ya ndege.

Foni yafupikitsa njira, koma siinaimalize

Ana a masiku ano ali ndi mwayi umene Simutowe analibe. M'masiku ake munthu ankadikira magazini ya tchesi yochokera kunja, n'kuiwerenga mpaka masamba atang'ambika. Mu 1997 dziko linadabwa pamene kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene anali katswiri wamkulu pa nthawiyo. Lero pulogalamu yaulere ya Stockfish, imene imalowa ndi m'foni momwe, imasewera bwino kuposa munthu aliyense wamoyo, ndipo pa Lichess mwana wa ku Chipata kapena ku Angonia angathe kusewera ndi anthu a m'mayiko onse osalipira kanthu kupatula intaneti. Ichi ndicho chifukwa chake ana akukhwima msanga chotere. Mu 2021 Abhimanyu Mishra wa ku America anakhala Grandmaster ali ndi zaka 12 ndi miyezi inayi.

Koma tisadzinamize. Masewero a pa foni ambiri ndi othamanga, a mphindi zitatu kapena zisanu, ndipo amazoloweretsa mwana kusuntha asanaganize. Pa foni palibe munthu wokuyang'ana m'maso, palibe njala ya masana, palibe chete uja wa m'holo amene amachititsa munthu kumva kugunda kwa mtima wake. Ndiponso mapointi amene amatsegula zitseko za maulemu a FIDE amapezeka pa thabwa lenileni, pamaso pa woyang'anira wovomerezeka, foni zitasiyidwa kunja. Foni ndi nazale yabwino, koma munda ndi mpikisano.

Tisalonjeze makolo zimene sitingakwanitse

Pano ndikufuna kulankhula ndi anzanga a m'mabungwe, amene timalemba makalata opempha thandizo. Timakonda kunena kuti tchesi imakweza ana pa masamu. Kafukufuku wamkulu amene anachitika m'sukulu za pulayimale ku England, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, sanapeze umboni wakuti ana amene anaphunzitsidwa tchesi anakhoza bwino masamu kuposa anzawo. Choncho tisagulitse masewerowa ngati mankhwala a mayeso. Ubwino wake ndi wokwanira paokha: kudekha, kulemekeza malamulo, kuvomereza zotsatira za zimene wasankha, ndi malo amene mwana wa mlimi amakhala tebulo limodzi ndi mwana wa bwana, onse ndi tizidole 16.

Tisalonjezenso chuma. Ndi anthu ochepa kwambiri padziko lapansi amene amadya kuchokera m'mphotho za tchesi. Ambiri a inu munamva za Phiona Mutesi wa ku Katwe, komboni ya mu mzinda wa Kampala ku Uganda, amene nkhani yake inapangidwa kanema wa Queen of Katwe mu 2016. Iye anafika pa gulu la mphunzitsi Robert Katende potsata phala, n'kuphunzira masewerowa, ndipo mu 2010 anaimira dziko lake pa Olympiad ku Russia. Phiona sanakhale Grandmaster. Chimene tchesi inamuchitira ndi kumubwezera m'kalasi ndi kumufikitsa ku yunivesite ku America. Simutowe nayenso anaphunzira pa University of Texas at Dallas chifukwa cha tchesi, kenaka n'kukapitiriza maphunziro a zachuma ku Oxford. Kwa ana a kuno, thabwa la tchesi likhale mlatho wopita kusukulu. Mphunzitsi amene akuuza mwana kuti ajombe kusukulu chifukwa cha masewero akudya chimanga chosakhwima, ndipo nkhokwe idzakhala yopanda kanthu.

Makolo nawonso ali ndi mbali yawo. Mwana akagonja, funso loyamba lisakhale lakuti walephera bwanji. Mufunseni ngati wadya, kenaka mumupemphe kuti akuonetseni gemuyo, ngakhale inu simudziwa kusewera. Ana ambiri aluso amasiya masewerowa chifukwa choopa nkhope ya kholo kapena ya mphunzitsi kuposa kuopa mnzawo wa pa thabwa.

Mpikisano wa m'dera lanu

Sitingathe kubweretsa ma Grandmaster atatu m'mudzi uliwonse, koma makwerero amayamba ndi mtanda wapansi, ndipo umenewo uli m'manja mwathu. Susan Namangale, amene anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la tchesi ku Malawi ndipo anayambitsa Dadaz Chess Academy, waonetsa kuti masewerowa angathe kufika m'sukulu za kumidzi ngakhalenso m'ndende. Ku Nigeria, Tunde Onakoya anayambitsa Chess in Slums Africa mu 2018 pakati pa ana a m'makomboni a Lagos. Mpikisano woyamba wa m'dera lanu sufuna ndalama zambiri.

Malo ake ndi kalasi imodzi Loweruka, makamaka nyengo yokolola ikatha, pamene ana sakufunika kumunda. Ana 32 amafuna matabwa 16. Ngati ogula palibe, jambulani timabokosi pa katoni, ndipo tizidole tingathe kuumbidwa ndi dongo kapena kusemedwa ndi amisiri a m'mudzi momwemo. Foni imatha kugwira ntchito ya wotchi. Mwana aliyense apatsidwe mphindi 20 kapena 25 pa gemu, kuti akhale ndi mpata woganiza, ndipo amene akudziwa kulemba abwere ndi kope ndi pensulo.

Musatsate njira ya chikho cha mpira yochotsa wogonja, chifukwa mwana amene wayenda makilomita 10 n'kutuluka pa gemu yoyamba sadzabweranso. Pa tchesi timagwiritsa ntchito njira yotchedwa Swiss. Wopambana amalandira pointi imodzi, akafanana mphamvu aliyense amatenga theka, wogonja salandira kanthu. Ndime iliyonse ikatha, amene ali ndi mapointi ofanana amakumana okhaokha, ndipo anthu awiri sakumana kawiri. Aliyense amasewera mpaka mapeto. Ndime zisanu ndi zokwanira ana 32, ndipo pofika madzulo mwana aliyense amakhala atapeza mnzake wa msinkhu wa luso lake.

Gawani ana potengera zaka, monga osapitirira 10, 14 ndi 18, ndipo aphunzitsi aakulu atsimikize zaka za mwana aliyense kuchokera m'kaundula wa sukulu. Kubera zaka kwawononga masewero ambiri a achinyamata, ndipo kumaphunzitsa mwana kuti bodza limapindulitsa. Konzani phala kapena mbatata ya masana, pakuti mutu wa njala suwerengera patali.

Za atsikana zifunika chidwi chapadera. Pa thabwa palibe mphamvu za thupi, ndipo Judit Polgar wa ku Hungary anakhala Grandmaster mu 1991 ali ndi zaka 15, n'kudzagonjetsa amuna amene anali akatswiri a dziko lapansi. Komabe m'maholo athu atsikana amachepa akamakula, chifukwa ntchito za pakhomo zimawachulukira ndiponso makolo amaopa kuwalola kuyenda, ndipo mantha awo ndi omveka. Choncho pakhale mayi wodalirika, monga wa m'gulu la amayi a pasukulu, woyenda ndi atsikanawo. Mpikisano uthe dzuwa lisanalowe. Pasakhale mphunzitsi wophunzitsa mwana ali yekha m'chipinda chotseka.

Mphotho zikhale makope, mabuku, yunifolomu kapena fizi. Koma mphotho yoposa zonse ndi ndalama ya basi yopitira ku mpikisano wotsatira, wa paboma kapena wa m'chigawo. Lembani maina ndi zotsatira, ndipo muzitumize ku bungwe la tchesi la dziko lanu, chifukwa ndilo lili ndi njira yolembetsera osewera ku FIDE. Kuti mwana alowe pa mndandanda wa mapointi ayenera kusewera magemu osachepera asanu ndi anthu amene ali kale pa mndandandawo, m'mipikisano yovomerezeka. Mwana amene dzina lake silinalembedwe paliponse, ngakhale atakhala waluso chotani, dziko silimudziwa.

Chotsiriza, musachite kamodzi n'kusiya. Mipikisano inayi yaing'ono pa chaka imapindula kuposa chikondwerero chimodzi chachikulu chokhala ndi matisheti, alendo olemekezeka ndi zolankhula zazitali. Mwana amafunika kudziwa kuti pakatha miyezi itatu adzakumananso ndi uja anamugonjetsa. Chiyembekezo chimenecho ndicho chimamukhazika pansi madzulo ndi kope lake.

Kwa ife osewera akale

Enafe tafika pa msinkhu umene mapointi athu akutsika pang'onopang'ono, ndipo amene akuwatenga ndi ana. Pali chiyeso chopewa mipikisano imene ana achuluka, kuti titeteze manambala athu. Tikatero tikuwamana chinthu chokhacho chimene ife tingawapatse kuposa foni: mdani wamphamvu, wamoyo, amene gemu ikatha amakhala nawo pansi ndi kuwalongosolera. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tipite m'mipikisano ya m'maboma, tisewere ndi mphamvu zathu zonse osawanyengerera, ndipo tsiku limene adzatigonjetse tiwagwire chanza ndi mtima woyera.

Inu alangizi ndi aphunzitsi, musanatseke magazini ino ganizirani za mwana mmodzi m'dera lanu amene amagonjetsa anzake onse pa bawo kapena pa masewero ena a nzeru, ndipo palibenso wofuna kusewera naye. Mwana ameneyo nazale yamuchepera. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu, sankhani Loweruka limodzi, ndipo mulembe ana 32 oyamba. Tidzakumananso m'kope lotsatira.